Tsitsani manja amenewo, bweretsani bokosi

Pali mawu asanu amene abera anthu zisankho zambiri m'dziko muno kuposa tipeksi yense wa 2019: "Amene mukugwirizana nazo kwezani manja." Mawu amenewa amanenedwa pansi pa mtengo wa mango, m'kalasi Loweruka masana, m'tchalitchi mapemphero akatha, padoko asodzi akakocheza. Wonenayo amakhala munthu waulemu wake, wovala jekete, woyamba ndi pemphero. Palibe amathamangira nawo kukhothi. Koma ine ndikuti kumeneku n'kuba, ndipo lero ndafuna tikangane bwinobwino pa nkhaniyi, inu ndi ine.

Mu 2019 anthu kuno ku Karonga anatuluka nawo pamsewu monga anachitira a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kukana zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, motsogozedwa ndi a Healey Potani, anafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo dziko lonse linakhala tcheru pa wailesi tsiku lathunthu kumvera chigamulo. Tinaphunzira mawu atsopano. Mayi wogulitsa usipa pamsika ankatha kukufotokozera tanthauzo la 50+1 momveka kuposa mmene ena tinkalembera m'mayeso ku koleji. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti munthu yemweyo, amene anapsa ndi dzuwa la ku Karonga pofuna kuti voti yake iwerengedwe mwachilungamo, akafika pamsonkhano wa komiti ya mjigo amayamba wasuzumira kaye kumene dzanja la amfumu lalowera, kenako n'kukweza lake.

Musandiuze kuti za makomiti n'zazing'ono. Pulezidenti timamusankha kamodzi pa zaka 5, koma zimene zimafika pambale yathu tsiku ndi tsiku zimagamulidwa pansi pomwe pano. M'masikimu a mpunga monga Hara, Wovwe ndi Lufilya muli mabungwe a alimi amene amagawa madzi, ndipo mlimi aliyense akudziwa chimene chimachitikira mpunga madzi akachedwa sabata imodzi. Kunyanja, kuchokera ku Kaporo mpaka ku Chilumba, kuli makomiti a m'madoko oyang'anira za maukonde. Sukulu iliyonse ili ndi komiti yake. Kuli VDC, kuli ADC, kuli banki m'khonde pafupifupi mudzi uliwonse. North Rukuru kapena Songwe akasefukira, mndandanda wa olandira thandizo umadutsa m'manja mwa komiti. Sindikuloza chala sikimu ina kapena komiti ina. Ndikunena chizolowezi chathu tonse, chakuti anthu ogwira zinthu zonsezi timawasankha ndi kuwachotsa m'njira imene ifeyo tikanaikana ndi miyala akanatibweretsera a MEC.

Taganizirani maso amene amayang'ana dzanja likamakwera. Pali mayi amene anakongola thumba la mpunga kwa wapampando mu Januwale, njala itavuta. Pali mnyamata wa kago, njinga imene kwina mumati kabaza, amene njingayo mwini wake ndi msungichuma. Pali mtengwa amene mwamwambo wathu sayenera n'komwe kuyang'anizana ndi apongozi ake aamuna, ndiye lero mukuti akweze dzanja kutsutsa dzina limene apongoziwo atchula? Pali mphunzitsi wobwera amene akukhala m'nyumba ya lendi ya mchimwene wa amfumu. Onsewa ali ndi maganizo awo, ndipo ena ndi anzeru kuposa amene akhala kutebulo. Koma dzanja lawo lili ndi mwini wake kale. Wowerenga manja pamsonkhano wotere akuwerenga ngongole, zibale ndi mantha, kenako n'kulemba m'buku kuti awa ndiwo maganizo a anthu.

Chaka chimene ndinali pakhomo kudikira ntchito nditamaliza yunivesite, ndinakhala nawo pamsonkhano wa komiti ina ya chitukuko kwathu. Nkhani inali ya msungichuma amene mabuku ake sankagwirizana ndi ndalama zimene anthu anasonkha. Sabata yonse msonkhano usanachitike, kumjigo, kuchigayo, panjira ya kumunda, nkhani inali yomweyo: munthu ameneyu achoke. Tsiku litafika, msungichuma uja anakhala kutsogolo, pambali pa wapampando, nkhope yake italoza kwa anthu. Wapampando anati amene akufuna kuti bambowa apitirize akweze manja. Anakweza awiri, kenako asanu, kenako ena onse pang'onopang'ono, aliyense akuyang'ana pansi. Mlembi analemba kuti onse agwirizana. Pobwerera ndinawafunsa azakhali anga, amene ndiwo ankalankhula kwambiri kumjigo kuja, chifukwa chimene anakwezera dzanja. Anandiyankha m'Chinkhonde, osakweza mawu: "Mwana wanga, iwe mawa ukwera basi kupita kutauni. Ine mchere ndizikapempha kuti?"

Azakhali anga si amantha. Anawerengera bwino lomwe, ndipo masamu awo anali olondola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo amene anamukhazika pamkhatepo ndi kavotedwe. Mfundo yanga yagona pamenepa: njira yovotera imagamula mlandu anthu asanavote n'komwe. Amene wasankha njirayo ndiye wasankha wopambana. Enanu mwangobwera kudzaombera m'manja.

Zimenezi makolo athu ankazidziwa, ndipo anazimenyera. Dr. Hastings Kamuzu Banda atavomera zoti kukhale riferendamu, dongosolo loyamba linali la mabokosi awiri: lina la tambala wakuda, la ofuna chipani chimodzi, lina la nyali, la ofuna zipani zambiri. A AFORD, a UDF ndi a Public Affairs Committee anakana. Anaona kuti kukakhala mabokosi awiri n'kosavuta kudziwa kumene munthu waponya, komanso n'kosavuta kuti bokosi limodzi lisowe panjira pamene linzake lafika lili lodzaza. Anakakamira mpaka panagwirizanidwa za bokosi limodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali. Tazimvetsani bwino. Anthu amene anali atangotuluka kumene m'mantha a zaka 30 anali okonzeka kunyanyala riferendamu yonse chifukwa cha chiwerengero cha mabokosi. Ife adzukulu awo, okhala ndi madigiri ndi mafoni, tikuvomera kuvota popanda bokosi ngakhale limodzi.

Mchimwene wake wa kukweza manja ndi kufola kumbuyo kwa munthu. Kwa zaka zambiri zisankho za chipulula m'zipani zathu zakhala zikuchitika motero m'madera ambiri: opikisana aima kutsogolo, inu mundandalike kumbuyo kwa amene mukumufuna, wina adutse akuwerenga mitu. Oikira kumbuyo njirayi amati ndi yoonekera, palibe angabe poti aliyense akuona. Afunseni a ku Kenya. Mu 1988, nthawi ya Daniel arap Moi, chipani cha KANU chinagwiritsa ntchito njira yomweyi, imene kumeneko amati mlolongo. Wopeza 70 pa 100 alionse pamzere ankalowa ku Nyumba ya Malamulo osapikisananso. Chisankho chimenecho chimakumbukika mpaka lero chifukwa cha madandaulo oti m'madera ena wa mzere waufupi ndiye ankalengezedwa kuti wapambana, anthu akuona ndi maso awo. Pofika 1990 KANU yomweyo inaisiya njirayi.

Vuto la mzere n'lakuti ukabalalika, umboni wabalalikanso. Mukawerenganso chiyani? Mapazi pafumbi? Mu 2020 oweruza anatha kuona tipeksi chifukwa panali mapepala oti awaone. Pepala limasunga chala cha wakuba. Mzere ndi manja sizisunga kanthu. Wowerenga akati 212 pamene inu munaona ngati 150, nkhani yathera pomwepo, chatsala ndi kugendana.

Ndipo ife a ku Karonga tisamachite ngati kugendana timangokumva pa wailesi. Dera la Karonga Central anthu analipatsa dzina loti Benghazi, dzina la mzinda wa ku Libya umene unatchuka ndi nkhondo mu 2011, chifukwa cha kutentha kwa ndale pa mpikisano wa zaka zambiri pakati pa a Frank Mwenifumbo ndi malemu Cornelius Mwalwanda. Kumalo kumene ndale zimagawa mabanja ndi midzi chonchi, kuuza munthu kuti aime poyera kumbuyo kwa amene akumufuna n'kumuuza kuti alembe voti yake pachitseko cha nyumba yake. Opikisana akatha chisankho amakwera magalimoto. Wofola uja amatsala pamudzi ndi anthu amene anamuona.

Kubisa voti ndi mwendo umodzi chabe. Wachiwiri ndi funso lakuti wapambana ndani. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu 2014 a Peter Mutharika analowanso ndi pafupifupi 36. Mu 2019 a MEC analengeza 38.57. Kutanthauza kuti maulendo atatu onsewa, mwa anthu khumi alionse ovota, asanu ndi mmodzi anasankha munthu wina. Zonsezi zinkatheka chifukwa cha kamasuliridwe ka liwu limodzi la Chingerezi, majority, m'gawo 80(2) la malamulo aakulu a dziko. Pamlandu wa a Gwanda Chakuamba wotsatira chisankho cha 1999, khothi linati liwuli likutanthauza kungoposa anzako. Mu 2020 makhothi anati ayi, likutanthauza kuposa theka la mavoti onse. Liwu lomwelo, dziko lomwelo, koma zotsatira zosiyana kotheratu. Zipani zimene zinkayenda pazokha zinakakamizika kufunafuna anzawo, ndipo pa 23 Juni 2020 wopambana anadutsa 58 pa 100 alionse.

Tsopano bwererani kumudzi. Tiyerekeze gulu la alimi 40, opikisana pa mpando asanu. Woyamba wapeza 11, wachiwiri 10, wachitatu 8, wachinayi 6, wachisanu 5. Timaimba nthungululu kuti wa 11 wapambana, pamene anthu 29 sanamufune. Mwina anayi enawo ndi anthu a maganizo ofanana amene angogawana mavoti, ndipo mwina awiri mwa iwo anachita kuuzidwa ndi wa 11 yemweyo kuti aime n'cholinga chogawa. Machenjera amenewa ndi akale ngati phiri la Mbande. Mankhwala ake ndi osavuta: atengeni awiri apamwamba, muvotenso. Kudziko lonse chibwereza chimadya mabiliyoni, n'chifukwa chake ena amanyinyirika nacho, ndipo aphungu ndi makhansala amapambanabe ndi mavoti ongoposa a anzawo. Koma pagulu la anthu 40 chibwereza chimadya mphindi khumi. Mukukanira chiyani, abale?

Palinso nkhani zina zimene ngakhale theka silikwanira, ndipo phunziro lake linachokera kwathu konkuno. Pa 4 Julayi 2002, a Khwauli Msiska, phungu wa AFORD wa Karonga Nyungwe, anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yochotsa malire a maulendo amene munthu angakhale pulezidenti. Nthawiyo a Bakili Muluzi anali m'chigawo chawo chachiwiri. Aphungu 125 anavomera, 59 anakana. Likanakhala lamulo longoposa anzako, biluyo ikanadutsa mosavuta ndipo mbiri ya dziko lino ikanakhala ina. Koma kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, amene anali 128. Anaperewera atatu. Atatu okha basi. Chimene chinatipulumutsa tsiku limenelo ndi mpanda umene unamangidwa zaka zingapo m'mbuyo, pamene panalibe amene ankadziwa kuti adzafune kuulumpha ndani.

Gulu lanu lili ndi mpanda wotere? Kusankha tsiku la msonkhano ndi kugulitsa malo a gulu si nkhani zolemera mofanana. Kugula choko ndi kuchotsa membala si zofanana. Komiti ikafuna kudziwonjezera nthawi, ikafuna kusintha malamulo a gulu, ikafuna kutenga ngongole m'dzina la onse, payenera kukhala mpanda wautali kuposa wa masiku onse. Ndipo mpandawo umangidwe lero, kulibe mkangano. Lamulo lopangidwa mkangano uli mkati limakhala chibonga cha mbali imene ili ndi mawu okwera.

Mwendo wachitatu ndi wakuti akuvota ndani, ndipo alipo angati. Njira yosavuta kwambiri yopambanira voti ndi kusankha bwino tsiku la msonkhano. Uitanitse nthawi yowokera mpunga, anthu ali m'matope mpaka m'mawondo. Uitanitse tsiku la maliro kumudzi woyandikana nawo. Uthenga uutumize madzulo, udutsire kwa anzako okha. Pagulu la anthu 60 pabwera 12, asanu ndi awiri akweza manja, ndipo m'buku mulembedwa kuti gulu lagwirizana. Mbali inayi, pakakhala phindu, mumangoona nkhope zachilendo zitadzaza bwalo, ena atabwera pa lole, ena ana asukulu. Popanda kaundula wa mamembala, komanso popanda chiwerengero chokhazikika cha anthu oyenera kupezeka kuti msonkhano ugamule kanthu, chimene a zamalamulo amati quorum, voti imasanduka mpikisano wa amene ali ndi foni yokhala ndi mayunitsi. Funso la woyenera kuvota ndi lalikulu moti lafika mpaka kukhothi: mu 2010 lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa kupatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, ndipo mu 2025 khothi linagamula kuti zimenezo zikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ngati akuluakulu amakokana chonchi pa za mpando umodzi wovotera, inu mukuvomera bwanji kuti aliyense wodutsa panjira akweze nawo dzanja pa ndalama zanu?

Ndikudziwa zimene ena mukunena kale mumtima. Mukuti mwana uyu sukulu yamusokoneza, ife kwathu sitivota, timakambirana mpaka tigwirizane, mutu umodzi susenza denga. Mfundo imeneyi ndimailemekeza, ndipo ili ndi mbiri yeniyeni kumbuyo kwake. Olemba mbiri ya Ankhonde, kuyambira Godfrey Wilson mu 1939 mpaka Owen Kalinga mu 1985, anaonetsa kuti Kyungu wakale wa pa Mbande sankalamulira yekha. Panali makambala, nduna zimene zinali ndi mawu aakulu ngakhale pa kusankha Kyungu watsopano. Monica Wilson, amene anachita kafukufuku pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde, buku lake la 1951 lotchedwa Good Company analimanga pa liwu lathu loti ukwangala, kucheza ndi kukambirana kumene munthu amatolako nzeru. Ndiye inde, kukambirana ndi kwathu, ndipo voti yobwera anthu asanakambirane ndi yopusa. Anthu ayambe amva mbali zonse, afunse, atsutse, agonere nkhaniyo ngati n'kofunika.

Koma tinene zoona, zimene timachita masiku ano ndi ukwangala? Kugwirizana kwenikweni kumatenga nthawi, ndipo kumatha pamene wotsutsa wakhutira kapena wavomera yekha kugonja. Zathuzi zimatenga mphindi 40 chifukwa alendo a bungwe akufuna kubwerera kuboma nkhomaliro isanakwane. Alankhula amuna anayi omwe aja a masiku onse. Kenako wapampando akuti, "Ndiye tagwirizana eti?" Kutsogolo kumveka "eee", kumbuyo kuli zii, ndipo zii ameneyo awerengedwa ngati "eee". Amayi amene ndiwo ochuluka pabwalo, amene ndiwo atunge madzi pamjigowo ndi kuwokera mpungawo, akhala pamphasa chapatali, mawu awo atsala kukhosi. Kumeneko n'kubwereka dzina la mwambo kuti ufunditse chifuniro cha anthu anayi. Ngati mukukhulupiriradi kuti onse agwirizana, bokosi mukuliopa chifukwa chiyani? Lingotsimikiza zimene mukudziwa kale.

Ena mukuti anthu ambiri sadziwa kulemba, ndipo mapepala ndi ndalama. Dziko la Gambia lakhala likuchita zisankho kwa zaka zoposa 50 pogwiritsa ntchito timiyala tagalasi tija ana amaseweretsa. Munthu amalowa mobisika, n'kuponya kamwala mumgolo wa amene akumufuna, ndipo belu longa la njinga limalira kuti oyang'anira adziwe kuti waponya kamodzi. Koma tisapite kutali. Njira imene amaphunzitsa poyambitsa banki m'khonde ili ndi zomwezi: aliyense apatsidwe kamwala kamodzi, apite kuseri, akaponye m'thumba kapena m'bokosi la mtundu woimira amene akumufuna. Amayi a m'midzi yathu akuidziwa njirayi. Amayi omwewo bokosi la ndalama amalitseka ndi maloko atatu, makiyi n'kupatsa anthu atatu osiyana, chifukwa amadziwa kuti munthu ndi munthu. Ndalama tikuzitseka katatu, koma voti yosankha wosunga ndalamazo tikuisiya pabwalo ngati chimanga choyanika. Nyemba zilipo, zitsekerero za mabotolo zilipo, ndowa zilipo, chitenje chotchingira chilipo. Umphawi usanamiziridwe apa.

Palinso aja amati voti yobisa ndi ya anthu achinyengo, munthu wolimba mtima aziima poyera. Tamuonetsetsani wonena zimenezi. Kawirikawiri ndi munthu amene alibe ngongole kwa wina aliyense pabwalopo, koma ambiri ali ndi ngongole kwa iye. Kulimba mtima n'kotchipa ukakhala mwini chigayo. Ku Britain anthu ankavota poyera mpaka 1872, eni minda ndi eni mafakitale akumvetsera mmene antchito awo akuvotera, ndipo lamulo la chaka chimenecho linabweretsa voti yachinsinsi, njira imene madera ena a ku Australia anali atayamba kale mu 1856. Anazindikira kuti chinsinsi chimateteza wofooka, komanso chimaononga msika wa mavoti. Wogula voti amafuna kuona katundu amene wagula. Pamzere amamuona. M'bokosi sangamuone, ndiye mutha kudya zake n'kuvotera amene mtima wanu ukufuna. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma chipani chimene chikufoletsa anthu chikupereka lisiti kwa wogula aliyense.

Pali malo amodzi pamene ndikufuna manja aoneke, ndipo musasokoneze. Munthu amene tamutuma, kaya ndi phungu, khansala kapena nthumwi ya mudzi ku ADC, akamavota m'dzina lathu azivota poyera, chifukwa voti imeneyo si yake, ndi yathu, ndipo tiyenera kudziwa mmene waigwiritsira ntchito. Koma munthu wamba akamasankha womutuma, kapena akamagamula za munthu amene ali ndi mphamvu pa iye, abisale. Ife tinazitembenuza. Wamba timamuimika poyera, pamene akomiti amakagwirizana zawo m'nyumba ya wapampando usiku, chitseko chotseka.

Ndiye ndikupempha chiyani? Zinthu zisanu, zolembedwa m'buku la gulu ndi kuwerengedwa mokweza m'chilankhulo chimene anthu amalankhula, kaya Chinkhonde, Chitumbuka kapena Chichewa. Choyamba, kaundula wa ovota adziwike msonkhano usanafike, ndipo dzina lisalowe kapena kutuluka pa tsiku la voti. Chachiwiri, uthenga wa msonkhano upite masiku osachepera asanu ndi awiri m'mbuyo, utanena nkhani imene ikagamulidwe, ndipo ngati sipafika theka la mamembala, pakhale kucheza kokha, osagamula kanthu. Chachitatu, voti iliyonse yokhudza munthu, ndalama kapena malo ikhale yobisa, koma kuwerenga kuchitike poyera, pamphasa, aliyense akuona, ndipo wowerenga asakhale wopikisana kapena m'bale wake. Chachinayi, wopambana apose theka, apo ayi awiri apamwamba abwereze. Ndipo nkhani zikuluzikulu zija zifune magawo awiri mwa atatu. Chachisanu, malamulo a kavotedwe asasinthidwe pamsonkhano womwewo umene akagwiritsidwe ntchito. Mlembi azilemba manambala, akuti 23 kwa 17, osati "onse anagwirizana". Anthu 17 aja ali ndi ufulu wooneka m'buku, kuti mawa zinthu zikavuta padzapezeke umboni woti analipo amene anachenjeza.

Palibe chachilendo pa zisanuzi. Sizifuna thandizo la kunja, sizifuna semina ya kuhotela ya kunyanja yokhala ndi ma alawansi. Chimene zimafuna ndi chimodzi: kuti amene akupindula ndi chisokonezo avomere kutaya phindulo. Ndiye musayembekeze kuti adzaziyambitsa okha.

Ndipo nthawi yake ndi ino, chifukwa ndalama zimene zikudutsa m'makomiti zikukula. Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa zoti kampani ya mgodi waukulu izichita mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira mgodiwo. Ife tili ndi Kayelekera, mgodi wa uranium umene unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ndipo eni ake atsopano a Lotus Resources auyambitsanso. Tilinso ndi migodi ya malasha. Mgwirizano wotere sungasainidwe ndi mudzi wonse. Pamakhala anthu oimira anzawo, ndipo anthuwo amasankhidwa penapake, m'njira inayake. Kampani itha kupereka ndalama yonse imene lamulo likunena, osachotsapo tambala, koma ngati oimira athu anasankhidwa ndi manja a anthu oyang'ana pansi, ndalamayo idzamanga zimene anthu anayi akufuna. Tikadzayamba kulira, tidzaloza chala kampani ndi boma, kuiwala Loweruka lija pansi pa mango pamene tinakweza manja.

Mawu anga omaliza apite kwa anzanga amene tinapita kusukulu. Kumudzi amakonda kutipatsa ulembi, poti ndife odziwa cholembera. Timasangalala, timalemba bwino, timakonza ndi Chingerezi cha malipoti. Koma ntchito yaikulu imene sukulu yathu ingagwire pabwalo paja ndi kufunsa funso limodzi pa nthawi yake. Mayina asanatchulidwe, mbali zisanadziwike, imirirani mwaulemu, perekani ulemu kwa amfumu ndi kwa wapampando, ndipo mufunse: "Pepani akuluakulu, tisanayambe, kodi tivota bwanji?" Adzakutchulani wamwano. Adzati mwana wa dzulodzuloli akufuna kutiphunzitsa. Ena adzakunenani kuti mwatumidwa. Zilandireni, chifukwa inu mawa mutha kukwera basi, pamene mayi wa thumba la mpunga uja ndi mnyamata wa kago sangafunse funso limeneli. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pali ena amene akumva m'mimba chitseko chili chokhoma ndi ngongole. Atsekulireni inu. Popita kumsonkhano wotsatira, tengani ndowa ziwiri, chitenje chimodzi ndi mbale ya nyemba.